Kodi nyumba ya Mandala ndi ya Azungu okha?

Mukafunsa anthu mumzinda wa Blantyre kuti Mandala n'chiyani, ambiri akuuzani kuti ndi dera la mabwana, kumene kuli mipanda yaitali ndi agalu olusa. Achikulire pang'ono akuuzani za masitolo a Mandala ndi malo amene kale ankagulitsirapo magalimoto. Koma ndi ochepa amene angakulozereni nyumba imene ili pachimake pa mbiri yonseyi, ngakhale ili pafupi pomwepa. Mukachoka pamsika waukulu wa Blantyre, n'kuwoloka mtsinje wa Mudi, n'kukwera kachitunda, mwafika basi.

Nyumbayi inamangidwa m'chaka cha 1882 ndipo ili chiimire mpaka lero, zaka zoposa 140. Olemba mbiri amati mwa nyumba zonse za mamangidwe a Chizungu zimene zatsala m'dziko muno, yakale kwambiri ndi imeneyi, ndiponso kuti ndiyo inali yoyamba yosanja. Boma linaiika m'gulu la malo achikumbutso otetezedwa, ndipo lamulo la m'chaka cha 1990 lotchedwa Monuments and Relics Act limaletsa munthu kugumula kapena kusintha malo otere popanda chilolezo.

Tsono alipo anzanga ena, makamaka ophunzira a m'makoleji, amene akamva zimenezi amapukusa mutu. Iwo amati: "Tisunge nyumba ya mtsamunda chifukwa chiyani? Makolo athu ankagona m'nyumba za udzu pamene bwana ankamwa tiyi pakhonde la m'mwamba. Bwanji osaigwetsa n'kumangapo masitolo, anthu apeze ntchito?" Funsoli si lachibwana ayi, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Koma ine ndikuti tiyambe taiyang'anitsitsa nyumbayo, tione chimene anamangira, amene anaimanga ndi njira imene katundu wake anadzera. Tikatero tipeza kuti mbiri yathu ili m'makoma amenewo kuposa mmene timaganizira.

Magalasi a John Moir

M'chaka cha 1878 anthu ena achuma a ku Glasgow, m'dziko la Scotland, anayambitsa kampani yotchedwa Livingstonia Central Africa Company, imene pambuyo pake inadziwika ndi dzina loti African Lakes. Cholinga chimene ankalengeza chinali kutumikira mamishoni a Livingstonia ndi Blantyre pa nkhani ya mtengatenga, komanso kubweretsa malonda abwino kuti alowe m'malo mwa malonda a akapolo. Oyendetsa kampaniyi kuno anali anyamata awiri apachibale, John Moir ndi mng'ono wake Frederick.

A John ankavala magalasi a maso, chinthu chachilendo masiku amenewo. Anthu ataona mmene magalasiwo ankaphathimira padzuwa, anawapatsa dzina loti Mandala. Dzinali linachoka pa munthu n'kupita pa nyumba yake, linachoka pa nyumba n'kupita pa kampani yonse, kenako pa sitolo iliyonse ya kampaniyo kuyambira kuchigwa cha Shire mpaka ku Karonga. Taonani, abale anga: eni kampani anakhala pansi ku Glasgow n'kusankha dzina lalitali la Chingerezi, koma dzina limene lakhalitsa ndi limene anapereka makolo athu.

Pamene nyumbayi inkamangidwa, tauni ya Blantyre kunalibe. Mishoni ya Blantyre inali itangotha zaka zisanu ndi chimodzi chikhazikitsire mu 1876, m'dera la mfumu Kapeni. Khonsolo ya tauni inadzabwera patapita zaka. Choncho nyumba ya Mandala inali nyumba ya bwana ya kumudzi, itaima payokha pakati pa minda ndi tchire, moyang'anizana ndi mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru. Tauni ndiyo inachita kuipeza nyumbayi n'kuizungulira.

Dothi, udzu ndi khonde

Chimene chimadabwitsa anthu ambiri n'chakuti nyumba yotchukayi inamangidwa ndi zinthu zomwezi timamangira kumudzi: dothi, udzu ndi njerwa. Simenti inali chinthu chochokera kutsidya kwa nyanja, yodula ndi yolemera kunyamula. Amisiri anagwiritsa ntchito chimene chinali pansi pa mapazi awo. Dothi lopondedwa bwino n'kusakaniza ndi udzu, likauma padzuwa, limalimba ndipo siling'aluka msanga, poti udzuwo umaligwira ngati mitsempha. Mayi aliyense amene anamatapo nkhokwe kapena kuzira nyumba akudziwa zimenezi popanda kupita kukoleji.

Komabe kusanjika nyumba pamwamba pa inzake ndi makoma otere si masewera. Makoma apansi ayenera kukhala ochindikala kuti asenze matabwa, mitanda ndi makoma a m'mwamba. Kuchindikalako kuli ndi phindu linanso. Khoma lotere limachedwa kutentha masana ndipo limachedwa kuzizira usiku, motero m'kati mumakhala mozizira bwino m'mwezi wa October pamene ife a m'nyumba za malata opanda siling'i timakhala tikuphikika ngati mbatata.

Mdani wamkulu wa khoma la dothi ndi madzi. Mvula ikamamenya khoma, kapena madzi akamadikha patsinde pake, nyumba imayamba kudyeka pansi mpaka kugwada. Apa ndi pamene pali nzeru ya khonde. Nyumba ya Mandala inazunguliridwa ndi khonde lalikulu, moti mvula ya mphepo imathera pakhondepo osafika pakhoma, nalonso dzuwa la masana silimenya khoma mwachindunji. Khonde limeneli anthu amaliona ngati malo opumira bwana, koma ntchito yake yaikulu ndi ya ambulera. Mutalichotsa, nyumbayo singathe zaka zambiri.

Mabuku amati Angerezi anaphunzira nyumba za makonde ku India, ndipo n'zoona kuti ngakhale mawu awo oti bungalow anachokera ku Bengal. Koma kodi khonde linafika kuno ndi Mzungu? Iyayi. Nyumba yozungulira ya agogo athu inali ndi tsindwi lotsika lokhala pa nsanamira, kuteteza khoma lomata ku mvula, ndipo pakhonde pomwepo ndi pamene ankasungapo mtondo, nkhuni ndi mbuzi. Choncho pa Mandala panakumana nzeru ziwiri zofanana, ina yodzera ku India ina ya konkuno. Amisiri akuda amene anaimika nsanamira za khondelo sankachita chinthu chachilendo kwa iwo, kungoti chinali chachikulu.

Nanga n'chifukwa chiyani anasankha pachitunda, n'kumanganso yosanja? Masiku amenewo Azungu ankafa kwambiri ndi malungo, ndipo ankakhulupirira kuti matendawa amachokera mumpweya woipa wa m'madambo. Zoti wofalitsa ndi udzudzu zinadzatsimikizika mu 1897 ndi dokotala wina dzina lake Ronald Ross. Motero ankathawa zigwa, n'kumakonda kugona pamwamba pomwe pakupita mphepo. Chifukwa chawo chinali cholakwika koma mankhwala ake anathandizako ndithu, poti udzudzu umachepa pamalo okwera ndi opita mphepo. Kuonjezera apo, munthu ali pakhonde la m'mwamba amaona patali: amaona amtengatenga akubwera, amaona antchito amene akuzemba, amaonanso adani. Nyumba yosanja inali chilengezo kwa mafumu ndi anthu onse kuti amalondawa sanabwere kudzacheza.

Luso la amisiri athu silinathere pamenepo. Mu 1886 John Buchanan anamangitsa nyumba ya kazembe wa Britain m'munsi mwa phiri la Zomba, ija ya nsanja ziwiri zosongoka imene anthu anaitcha Masongola. Kuyambira 1888 mpaka 1891 Mbusa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo za mapulani a nyumba, anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pamodzi ndi anthu akuda amene anaphunzira ntchitoyo ali pantchito pomwepo, ndi njerwa zoumba ndi kuotcha pamalopo. Pitani mukaone mmene anakhotetsera njerwa pamazenera ndi pansanja. Kuchoka pa dothi la Mandala kufika pa tchalitchi chimenechi sipanathe zaka khumi.

Njira ya ku Matope

Dothi ndi udzu zinali za pompano, koma misomali, magalasi a mazenera, maloko, mahinjesi, zida za ukalipentala ndi malata zinkachokera kunja. Zinkafika bwanji, popeza njanji inafika ku Blantyre mu 1908? Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife a ku Neno.

Katundu ankatsika pa doko la Quelimane ku Mozambique, n'kuyenda pamabwato mumtsinje wa Kwakwa, n'kunyamulidwa pamtunda kukafika ku Zambezi. Kuyambira cha mu 1891 anayamba kudzera pa Chinde. Kuchoka apo sitima ya pamadzi inkakwera Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga ku Chikwawa. Pamenepo sitima inkagonja, chifukwa kumtunda kwake kuli mathithi, omwe aja lero akutipatsa magetsi pa Kapichira, Tedzani ndi Nkula. Chilichonse chinkatsitsidwa n'kuikidwa pamitu ya anthu. Mwamuna mmodzi ankasenza mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25, n'kukwera nawo chikweza chonse chija cha ku Chikwawa chimene lero malole amalira nacho, mpaka kukatula pabwalo la Mandala. Bwana yekha ankayenda atagona m'machila.

Katundu wopita kunyanja sankathera pa Mandala. Ankasenzedwanso ulendo wa makilomita oposa 50 kupita ku Matope, kumtunda kwa mathithi, kumene sitima zina zinkadikira kuti zipite ku Mangochi, Bandawe ndi Karonga. Minyanga ya njovu yochokera kumpoto inkatsika njira yomweyo. Dzina la Matope ife tikulidziwa bwino, poti mishoni ya Anglican ya Matope ndi chipatala chake zili m'boma lathu la Neno. Nyumba ya Mandala inaikidwa pakati pa Katunga ndi Matope ngati mfundo pa chingwe. Popanda mathithi a Shire ndi mapazi a amtengatenga, panalibe chifukwa choti imangidwe pamene ilipo.

Ine kwathu ndi ku Chifunga, pamsewu wa Mwanza. Ndikakwera minibasi kupita kutauni, timadutsa pa Zalewa, kuwoloka Shire, kenako Lirangwe, Lunzu mpaka mumzinda, ndipo kondakitala akatipanikiza anayi anayi pampando timadandaula ngati tafa. Koma kuchokera pa Shire kukafika ku Blantyre, dziko limene timaliona pazenera ndi lomwelo ankaliyenda wapansi amuna osenza mitolo ya nsalu, mikanda ndi waya, malipiro awo n'kukhala mikono ingapo ya nsalu. Ena anali Ayao ndi Amang'anja a m'mapiri a Shire, ena Angoni otsika kumapiri m'nyengo ya chilimwe, ena Atonga amene kampani inkawatenga ku Bandawe. Boma la atsamunda litayambitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, ambiri sankasenzanso mwa kufuna kwawo. Ankasenza kuti apeze ya msonkho, nyumba yawo isatenthedwe.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Denga la Mandala linasenzedwa ndi mitu yambirimbiri. Koma mukawerenga timabuku ta alendo odzaona dziko, mupeza dzina la John, la Frederick, mwinanso la mayi Jane Moir amene makalata awo anasindikizidwa m'buku mu 1891. Amene anaponda dothi, amene anacheka matabwa, amayi amene anatunga madzi ku Mudi, palibe amawatchula. Ndiye wina akati nyumbayi ndi ya Azungu okha, ndiye kuti akuvomereza bodza lomwelo la timabukuto.

Mkati mwa nkhuyu

Sindikufuna kuti wina aganize kuti ndikuyeretsa kampaniyi. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Kampani imene inabwera ndi mawu a Mulungu pakamwa inkafuna minyanga ya njovu, ndipo pofuna minyangayo inkagulitsa mfuti ndi onga, zinthu zomwenso zinkathandiza ogwira akapolo. Kuyambira 1887 mpaka 1889 inamenya nkhondo ku Karonga ndi Mlozi, ndipo a Moir onse awiri anavulala pankhondoyo. Inde Mlozi anali wa malonda a akapolo, koma nkhondoyo inalinso yolimbirana njira ya malonda. Kampaniyi inadzitengeranso malo aakulu pa mapangano ndi mafumu amene sankadziwa kuwerenga zimene ankadindapo chala. Pamene Britain inkalengeza ulamuliro wake pa dziko lino mu 1891, njira inali italambulidwa kale ndi amishoni ndi amalonda a pa Mandala.

Malowa analinso ngati linga pa nthawi ya mavuto. Mu 1884, Angoni a Chikuse atawoloka Shire n'kuthira nkhondo midzi ya m'mapiri, anthu ambiri anathawira kumishoni ndi ku Mandala. Patapita zaka 31 zinthu zinatembenuka. Usiku wa pa 23 January 1915, kucha kwa pa 24, anthu a Mbusa John Chilembwe anayenda kuchokera ku Mbombwe ku Chiradzulu kudzathyola nyumba yosungiramo zida ya kampaniyi ku Mandala. Anangopeza mfuti zochepa, koma anadziwa bwino pamene panali mphamvu ya Mzungu.

Pamene kuukirako kunalephera, boma la atsamunda linaphwasula tchalitchi cha njerwa chimene a Chilembwe ndi anthu awo anamanga ku Providence Industrial Mission. Taganizirani bwino pamenepa. Tchalitchi sichinawombere munthu. Anachigwetsa kuti anthu asakhale ndi choloza, kuti ana akadzafunsa pasadzapezeke umboni woti munthu wakuda anamangapo chinthu chachikulu chotere payekha. Mishoniyo inakhala yotseka mpaka Dr Daniel Malikebu atabwera kudzaitsegulanso mu 1926. Atsamunda ankadziwa kuti kugwetsa nyumba ndi njira yofufutira mbiri. Nanga ife titengere nzeru yomweyo? Tikagwetsa Mandala, mwana wa Fomu 2 amene akuphunzira za Chilembwe tidzamuonetsa chiyani? Malo oimika magalimoto?

Ana a nyumba ya Mandala

Kwa inu anzanga a geni, nyumbayi ndi agogo a sitolo yanu. Masitolo a Mandala atafalikira, kenako a Kandodo ndi a Amwenye, kamangidwe kake kanali kamodzimodzi: khonde kutsogolo lokhala pa nsanamira, kauntala m'kati, mosungira katundu ndi mogona kumbuyo. Pakhonde ndi pamene telala ankaika makina ake, pamene wogula ankausa mvula, pamene nkhani za m'mudzi zinkaphikidwa. Boma la Dr Banda litachotsa Amwenye m'madera a kumidzi m'zaka za m'ma 1970 n'kuwasiya m'mizinda yokha, nyumba zambiri zotere zinatsala m'manja mwa Amalawi, zina zinangogwa. Yendani m'matauni ang'onoang'ono akale, muziona zili ndi ming'alu, malata adzimbiri, koma khonde likadalipo.

Lero tikapeza kangachepe timamanga bokosi. Khoma la njerwa imodzi, denga lobisika kuseri kwa kakhoma kuti zioneke zamakono, chitseko chachitsulo, khonde ziii. Masana m'kati mumatentha moti sopo ndi majarini zimasungunuka pashelefu, mvula ikagwa madzi amatsikira m'khoma, ndipo kasitomala amaima padzuwa. Tikatero timati tatukuka, eti?

Namondwe wa Freddy atagwa m'mwezi wa March 2023, Blantyre analira maliro osaiwalika ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche. Kumeneko kunali kugumuka kwa phiri, kumene ngakhale nyumba ya simenti sikanalimba. Koma m'madera ena ambiri nyumba za zidina zinagwa chifukwa chongonyowa masiku angapo, ndipo anthu anayamba kunena kuti dothi ndi la amphawi, silimangira nyumba. Komatu mvula yomweyo inagwanso pa Mandala. Kusiyana kwake n'kwakuti ija ili pamalo okwera, makoma ake ndi ochindikala, denga lake limataya madzi kutali, ndipo pali anthu amene akhala akuikonza. Mlandu tisaupereke kwa dothi pamene tamanga m'njira ya madzi, popanda maziko, denga lolekeza pakhoma penipeni.

Nkhani imeneyi ndi yaikulu kwa ife a ku Neno, kumene mitengo ikutha ndi makala ndi mauvuni a njerwa. Aliyense wodutsa pa Zalewa amaona matumba a makala ali ndandanda. Mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi nyumba zikuluzikulu zamalonda, pofuna kupulumutsa mitengo. Ophunzira za zomangamanga amene akufunafuna njira zina angachite bwino kupita ku Mandala ndi tepi yoyezera, akaone mmene nyumba yopanda simenti yambiri yakhalira zaka zonsezi.

Kuteteza si kulemba papepala pokha

Nyumba ya Mandala ili ndi mwayi umene nyumba zina zakale zilibe: simakhala yotseka. Kwa zaka zambiri m'mwamba mwake mwasungidwa laibulale ya bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946 ndi dzina loti Nyasaland Society, ndipo muli mabuku, mapu ndi zithunzi zakale za dziko lino. Pansi pakhala malo oonetsera ndi kugulitsira zojambula ndi zosema, ndi pomwera khofi. Nyumba imene muli anthu, lata likadontha wina amaona tsiku lomwelo. Nyumba yotsekedwa ndi loko imadyedwa ndi chiswe mwakachetechete, pofika poti akuluakulu a boma abwere ndi galimoto kudzayendera, mitanda yasanduka ufa.

Kukonza nyumba yotere kumafunanso kudziwa. Mmisiri wa lero akaona mng'alu amathamangira simenti. Koma pulasitala wa simenti pakhoma la dothi amatsekera chinyezi m'kati, khomalo n'kumafewa osaoneka, tsiku lina chipupa chonse n'kusomphoka. Khoma lotere limafuna dothi linzake ndi laimu, zimene zimalola chinyezi kutuluka. Akatswiri osamala nyumba zakale m'maiko ena amaphunzira zimenezi zaka, pamene kuno agogo amene akuzidziwa akutha mmodzimmodzi popanda wowafunsa.

Dandaulo langa lalikulu n'lakuti anthu wamba nyumbayi amaiopa. Wogulitsa kaunjika pamsika wa Blantyre, amene akaweramuka angathe kuona mitengo ya ku Mandala, amaganiza kuti kumeneko n'kwa Azungu ndi mabwana akumwa khofi wa mtengo wa ndiwo za sabata yonse. Sindikuwanena amene amayendetsa malowo, poti popanda iwo mwina bwenzi nyumbayo itagwa. Koma chinthu chikatchedwa chuma cha dziko, mwini dziko ayenera kumva kuti akhoza kulowa atavala patapata popanda mlonda kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Ndiye ndili ndi mapempho angapo. Kwa a nthambi ya boma yoona za malo osungirako zinthu zakale ndi zipilala, ndikuti ikani pamalopo chikwangwani chachikulu cha m'Chichewa, chofotokoza za a Moir inde, komanso za amisiri, za amtengatenga, za njira ya Katunga ndi Matope, ndi za usiku uja wa 1915. Kwa aphunzitsi a mbiri m'masukulu a mumzinda, ndikuti ulendo wa ku Mandala sufuna basi yahayala, ambiri mukhoza kupita wapansi. Kwa ophunzira a m'makoleji amene mumati tigwetse, ndikuti kalowenimo kaye, mukatsegule mabuku a Azunguwo, mukafunefune makolo anu m'mizere imene analembamo za malipiro ndi mitolo. Mukawapeza mudzalembe buku lanu.

Ndipo kwathu ku Neno tisaone ngati nkhaniyi ndi ya a m'tauni. Boma lathu ndi laling'ono pa zaka, linapatuka ku Mwanza mu 2003, koma lili ndi malo akale. Mishoni ya Katolika ya Neno inayamba mu 1906, ya Adventist ya Matandani mu 1908. Pa Chifunga pomwe pano ndi ku Luwani panali misasa ya abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique, nkhondo imene inatha ndi pangano la mu 1992, nthawi imene dziko lino linasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi. Ana obadwa lero akudutsa pamalo amenewa osadziwa kanthu. Khonsolo yathu, mafumu athu ndi mipingo angathe kukhala pansi n'kulemba mndandanda wa nyumba, milatho, manda ndi zitsime zakale, n'kufunsa okalamba adakali moyo. Zimenezi sizifuna thandizo la maiko akunja. Zifuna kope, bolopeni ndi njinga.

Dera lathu lakhala njira ya katundu wa eni kuyambira kale. Dzana anali amtengatenga opita ku Matope, lero ndi malole a ku Tete ndi sitima za malasha zochokera ku Moatize kupita ku Nacala. Katundu amadutsa, ife n'kutsala ndi fumbi. Chimene chingatsale m'manja mwathu ndi mbiri ya amene anasenza, ngati titaisunga.

Tsono kodi nyumba ya Mandala ndi ya Azungu okha? Pulani inali yawo, phindu linali lawo, ndipo pakhonde la m'mwamba ankakhalapo ndi iwo. Koma dothi ndi la kwa Kapeni, madzi ndi a Mudi, manja ndi makosi anali a makolo athu, ngakhale dzina lenilenilo tinapereka ndife. A Moir anabwerera kwawo kalekale, masitolo a Mandala anatha, koma ntchito ya amisiri aja ikadaima. Munthu sagwetsa nyumba imene anamanga agogo ake chifukwa choti munagonapo mlendo wankhanza. Amalowamo, n'kuuza ana ake zonse zimene zinachitikamo, zokoma ndi zowawa zomwe. Tikumbuke, abale anga, kuti madzi akatayika sawoleka.